Njinga Yoyendera Oyilo

"Pompani!"

Ndinaponda buleki kanayi, kasanu, mpaka inalimbako pang'ono.

"Gwirani pomwepo, bwana. Osasiya."

Mawuwo ankachokera kunsi kwa galimoto, komwe makaniko wina wachikulire anagona chagada pa katoni, kasipanala kali m'manja. Atamasula kanati ka kuseri kwa gudumu, phazi langa linamira pang'onopang'ono mpaka pansi, ndipo m'kabotolo kamene anatchera munagwera mafuta a buleki osakanikirana ndi thovu. Tinabwereza zomwezo pa gudumu lililonse, dzuwa likuswa mtengo. Nditatopa ndinafunsa kuti, "Kodi madala, timathovu timeneti n'timene tatikhazika pano mmawa wonsewu?"

"Ndi timeneto," anatero akupukuta m'manja. "Mafuta mukawaponda kuno amakakankha uko nthawi yomweyo. Mpweya mukauponda umangofinyika, mphamvu yanu n'kuthera m'njira."

Madala aja mwina sanamvepo za Blaise Pascal, Mfalansa amene analongosola lamuloli m'buku lomwe linatuluka mu 1663, mwini wake atatsikira kale kuli chete. Koma ananena zonse. Madzi kapena oyilo wotsekeredwa safinyika, ndipo ukamukankha pamalo amodzi kukankhako kumafika paliponse mofanana. Jeke imene mwana angatukulire nayo galimoto imadalira zomwezo, chimodzimodzi mkono wa katapila, ndi tipa ikamapendeketsa msana kukhuthula mchenga.

Ku America kuli ophunzira zaumisiri amene chaka ndi chaka amatenga lamulo lomweli n'kuliika pa njinga yakapalasa. Njingayo ili ndi mapedulo, chishalo ndi handulo, ndipo imayendera thukuta la munthu basi. Chosiyana chili pakati pa phazi ndi gudumu. Mapedulo amazungulitsa pampu, pampu imakankha oyilo m'paipi, oyilo amakazungulitsa mota yolumikizidwa ku gudumu, kenako amabwerera m'thanki kukadikira ulendo wina. Mpikisano wake unayambitsidwa m'zaka za m'ma 2000 ndi kampani ya Parker Hannifin ya ku Cleveland, ku Ohio, ndipo unkatchedwa Chainless Challenge. Pambuyo pake unatengedwa ndi bungwe la National Fluid Power Association la ku Milwaukee, dzina n'kusintha kukhala Fluid Power Vehicle Challenge. Magulu a ku Purdue, Cleveland State, Western Michigan, Cal Poly ndi mayunivesite ena akhala akubweretsa njinga zawo, ndipo ena mwa mafainolo achitikira ku fakitale ya Danfoss ku Ames, m'chigawo cha Iowa. Lamulo lalikulu ndi limodzi: mphamvu ya wopalasa isafike kugudumu isanadutse mu oyilo.

Ndinene poyera kuti pa mpikisano wa pakati pa oyilo ndi tcheni, tcheni chinapambana kalekale. Chiyambire pamene Hans Renold anakonza tcheni cha timagudumu ku Manchester mu 1880, John Kemp Starley n'kutulutsa njinga ya Rover ku Coventry mu 1885, palibe chimene chachiposa. Akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins atachiyeza mu 1999 anapeza kuti zinthu zikakhala bwino chimafikitsa kugudumu magawo opitirira 98 pa magawo 100 a mphamvu imene chalandira. Nanga oyilo? Tiyerekeze kuti pampu ikupereka magawo 85 pa 100, mota nayonso 85. Mukaphatikiza mwatsala ndi 72, musanawerengere zotayika m'mapaipi. Wakabaza wa ku Salima mutamupatsa njinga yotere angakusekeni mpaka misozi. Chake tcheni chikaduka amakhala pansi m'mbali mwa msewu, msomali ndi mwala, mphindi khumi ulendo wapitirira.

Chimene chimandikopa ine ndi umphawi wa injini yake. Munthu wamba wathanzi, akamapalasa nthawi yaitali, amatulutsa mawati pafupifupi 100, mphamvu yoyatsa babu limodzi lakale lija lotentha. Thirakitala ya pakatikati imatulutsa mphamvu ya opalasa mazana angapo. Zipangizo za hayidiroliki zinabadwira m'nyumba ya mwanaalirenji yoteroyo, momwe mukataya pang'ono palibe amene amadziwa, oyilo amangofunda, dizilo n'kulipira. Tsono tengani zipangizo zomwezo muzipereke kwa mwendo wa munthu. Kuli ngati kutenga wophika wa ku hotela kukamusiya m'mudzi mu February, ufa uli pansi penipeni pa thumba. Dontho lililonse lothawa, kona iliyonse ya paipi, labala iliyonse yothina mopitirira, wopalasa amazimva m'ntchafu. Makina ena akakhala ndi vuto mmisiri amaliona pa geji. Pa njinga iyi mmisiri yemweyo ndiye injini, ndipo zolakwa zake amazilipira ndi wefuwefu.

Masamu ake ndi okoma. Mawati 100 ndi ofanana ndi lita imodzi ya oyilo pa mphindi, ikukankhidwa pa pulesha ya 60 bar. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi pafupifupi 2 bar, choncho apa tikunena pulesha yoposa pamenepo maulendo 30. Lita imodzi pa mphindi ndi kamtsinje kosaoneka n'komwe, mpopi wa pakhomo umaposa kutali. Pa lita imeneyo pakangothawa masupuni aakulu asanu ndi awiri, gawo limodzi mwa magawo khumi a thukuta lanu lapita.

Ndipo kuthawako sikuoneka, chifukwa kumachitikira m'kati. Mukatsegula pampu ya magiya mudzadabwa kuti mulibe zambiri: magiya awiri olumana mano m'kabokosi kachitsulo. Maso amaganiza kuti oyilo amadutsa pakati pomwe manowo alumana, koma ayi. Amalowa m'mipata ya pakati pa dzino ndi dzino, n'kunyamulidwa kuzungulira m'mphepete motsamira khoma, ndipo akafika tsidya linalo mano aja polumananso amamufinyira kunja. Pakati pa nsonga ya dzino ndi khoma pamayenera kutsala mpata, apo ayi zitsulo zingadyane. Mpatawo ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, komabe oyilo wopanikizika amaupeza n'kubwerera nawo m'mbuyo. Kuchuluka kwa wobwererayo kumatsatira pulesha, sikusamala kuti pampu ikuthamanga bwanji. Pampu ikamazungulira maulendo 1,500 pa mphindi, monga imachitira pa injini, wothawayo ndi wochepa poyerekeza ndi wopita kutsogolo. Koma miyendo ya munthu imazungulira maulendo 60 mpaka 90. Pa liwiro limenelo pampu yotere imakhala ngati munthu wotunga madzi ndi dengu.

N'chifukwa chake pafupifupi gulu lililonse limaika magiya kapena katcheni kakafupi pakati pa mapedulo ndi pampu, kuti phazi likazungulira kamodzi pampu izungulire kangapo. Malamulo amalola. Zimaseketsa kuti njinga yobadwira mu mpikisano wa opanda tcheni nthawi zambiri imakhala ndi matcheni awiri, china kutsogolo kwa pampu, china kuseri kwa mota. Koma kusankha kukula kwa magiya amenewa ndi ntchito yosagonetsa tulo. Mukachulutsa, pampu imathamanga bwino koma pedulo imalimba ngati mukukwera Zomba ndi matumba awiri a makala. Mukachepetsa, phazi limapepuka, oyilo n'kumathawira m'mbuyo. Palinso vuto lakuti mwendo sukankha mofanana ngati injini. Umalimba pedulo ikamatsika, n'kufooka ikafika pamwamba ndi pansi penipeni, moti singano ya geji imangovina, kukwera ndi kutsika kawiri pa kuzungulira kulikonse.

Ena amasiya pampu ya magiya n'kutenga ya mapisitoni, imene imatseka bwino ngakhale pa liwiro lochepa. Kakang'ono kwambiri pa mtundu wa F11 wa Parker kamatulutsa oyilo wokwana supuni imodzi ya tiyi pa kuzungulira kulikonse, koma kamalemera pafupifupi makilogalamu 5. Mukagula tiwiri, kena kakhale pampu kena mota, mwasenza kale kulemera kwa njinga yathunthu ya mpikisano, thanki ndi mapaipi musanaziike. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene magulu ambiri amasankhira njinga ya magudumu atatu yopalasa chogona, yomwe sigwa ngakhale itasenza zitsulo zochuluka ndipo imayenda bwinobwino pa liwiro la kamba.

Pa zonse za m'banja la hayidiroliki, kanthu kamene ndimakakonda kwambiri ndi kachikopa. Joseph Bramah wa ku London analembetsa makina ake opsinjira zinthu ndi madzi mu 1795, koma madziwo ankathawira m'mbali mwa pisitoni. Mankhwala ake, omwe olemba mbiri ambiri amati anachokera kwa wantchito wake wachinyamata Henry Maudslay, anali chikopa chopindidwa ngati kambale, kukamwa kwake kutayang'ana komwe kukuchokera madzi. Pulesha ikakwera imalowa m'kambalemo n'kukankhira milomo ya chikopa kukhoma, moti madzi ofuna kuthawawo ndi amene amadzitsekera okha chitseko. Aliyense amene anamasulapo pampu ya njinga anakaona kachikopa kameneka kunsonga kwa ndodo, ndipo amadziwa kuti kakauma umakadontheza oyilo pang'ono, n'kukatambasula milomo ndi chala, pampu n'kuyambanso kugwira. Lero amapanga ndi labala kapena pulasitiki, koma nzeru ndi yomweyo. Pa njinga ya oyilo, mmisiri amayenera kukumbukira kuti chotseka bwino chimagwiranso shafiti mwamphamvu. Pa katapila kugwira kumeneko palibe amene amakuwerengera. Apa mawati awiri kapena atatu otayika pa labala imodzi ndi nkhani yokhalira pansi.

Mapaipi nawo ali ndi miyambo yawo. Oyilo akamadutsa pa kona, pa jointi, pa valavu, amasiya msonkho. Paipi yalabala imafufuma pang'ono pulesha ikakwera, ndipo kufufumako kumameza gawo la kuponda kwanu monga ankachitira mathovu aja m'mabuleki. Paipi yopita ku pampu kuchokera m'thanki imafunika ikhale yaifupi, yotakata, ndipo thanki ikhale pamwamba, kuti oyilo azitsika yekha. Pampu ikamachita kuyamwa movutikira imang'amba oyilo n'kupanga timathovu tomwe timaphulikira pa zitsulo, ndipo imalira mokhala ngati mwalowa mchenga. Magulu odziwa ntchito amachotsa mapaipi ambiri potenga chibuma cha aluminiyamu n'kuboola njira zonse m'kati mwake, mavalavu n'kumangomangidwira m'mabowo. Kunja chimangooneka ngati njerwa yonyezimira. M'kati muli misewu yodutsana m'mwamba ndi m'munsi popanda kukumana, ndipo woboola akaphonya ndi mamilimita ochepa, njira ya pulesha imatsegukira m'njira yobwerera kuthanki, chibuma chonse n'kukhala chotaya.

Ngakhale oyilo weniweniyo amasankhidwa mosamala. Wolemera ngati uchi amatseka mipata koma amavuta kukankha. Wopepuka amayenda mosavuta koma amathawa. Yemwe anali bwino masana m'labu amakhala waulesi mmawa kukazizira.

Tsopano tifike pa chimene tcheni sichingachite, chifukwa pakadapanda ichi nkhani yonseyi ikanakhala masewera a ana asukulu. Tcheni chimapereka mphamvu nthawi yomwe chalandira, sichisunga kanthu. Oyilo ali ndi nkhokwe. Amisiri amaitcha accumulator. Yakale, ya William Armstrong wa ku Newcastle m'zaka za m'ma 1850, inali chimtolo cha zitsulo zolemera chimene madzi ankachikankhira m'mwamba, ndipo mitolo yotere ndi imene inkasunga mphamvu yotsegulira mlatho wa Tower Bridge ku London kuyambira mu 1894. Ya pa njinga ndi botolo lachitsulo kapena la carbon fibre, m'kati mwake muli thumba lalabala lodzaza mpweya wa nayitrojeni. Mukapopera oyilo m'botolomo, thumba limafinyika. Mukatsegula valavu, thumba limadzitambasula n'kumulavula oyilo uja mwaukali.

Apa mpomwe ndimawakumbukira madala aja. Mpweya umene anathera mmawa wonse akuuthamangitsa chifukwa chofinyika, pano ukuitanidwa chifukwa cha khalidwe lomwelo. Kungoti wapatsidwa chipinda chakechake, khoma lalabala lili pakati, kuti usasakanikirane ndi oyilo. Ndipo sutengedwa mpweya wamba wa pampu ya matayala, chifukwa okosijeni wake akakumana ndi oyilo pa pulesha yotere akhoza kuyaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo.

Nkhokweyi ndi yaing'ono modabwitsa. Tengani botolo la malita 3.8, muikemo nayitrojeni wa 70 bar, kenako mupope oyilo mpaka geji ifike pa 200 bar. Mwasunga majuli a pakati pa 23,000 ndi 28,000, zomwe ndi kupalasa kwa mphindi zinayi kapena zisanu, kapena mphamvu yokweza njinga ndi wokwera wake, makilogalamu 120 pamodzi, mamita pafupifupi 20 m'mwamba. Supuni imodzi ya shuga imene mwathira mu tiyi mmawa uno ili ndi mphamvu yoposa pamenepo kawiri. Ubwino wa botololi uli pa kutulutsa. Zomwe mwendo unasonkhanitsa kwa mphindi zinayi likhoza kuzikhuthula m'masekondi khumi, ndipo pa masekondi amenewo wokwera amakhala ngati akukankhidwa ndi anzake oposa makumi awiri. Pa mpikisano wa liwiro wa mtunda waufupi, wokwera amangotsegula valavu, mapazi ali phee, njinga n'kufwamphuka ngati mwala wa legeni.

Kudzaza nkhokweyo kuli ndi chinsinsi chimene wopopa matayala aliyense anachigwirapo ndi dzanja. Mukapopa mwachangu, kunsi kwa pampu kumatentha. Nayitrojeni nayenso akafinyidwa mofulumira amatentha, geji n'kuonetsa 200 msanga. Mukangodikira pang'ono mpweya uja umazizira, singano n'kutsika yokha popanda dontho lotayika. Wosadziwa amayamba kufunafuna podontha. Wodziwa amapopa modekha, amapumira, kenako n'kuwonjezera, ndipo m'botolo lomwelo amalowetsa oyilo wambiri kuposa mnzake wopupuluma. Kusankha kuti nayitrojeni woyambira akhale wochuluka bwanji ndi mkangano winanso. Akachuluka, kukankha kumakhala kwamphamvu koma oyilo wolowa ndi wochepa. Akachepa, oyilo amalowa wambiri koma kumapeto amatuluka mofooka.

Choncho oyilo wa pa njinga imodzi amakhala ndi maulendo anayi. Akhoza kuchoka ku pampu kupita ku mota, wokwera akupalasa monga mwa nthawi zonse. Akhoza kuchoka ku pampu kupita m'nkhokwe njinga itaima. Akhoza kuchoka m'nkhokwe kupita ku mota. Wachinayi ndiye wokongola: pa mtsetse, gudumu ndi limene limazungulitsa mota, mota n'kusanduka pampu, kumayamwa oyilo m'thanki ndi kumukankhira m'nkhokwe. Njinga imachepetsa liwiro ngati mwagwira buleki, koma mphamvu imene ikanathera kutentha pa labala ndi limu yalowa m'botolo, ikudikira chitunda chakutsogolo. Amene amaongolera maulendowa ndi mavalavu, ena otembenuza ndi dzanja, ena otsegulidwa ndi magetsi a kabatire kudzera pa batani la pa handulo. Pakati pawo pali timavalavu tolola oyilo kupita mbali imodzi yokha, ngati kaja ka pansi pa mjigo kamene kamaletsa madzi kubwerera m'chitsime, ndi ina yoteteza, imene imatsegukira kuthanki pulesha ikapyola malire.

Nzeru yosunga mphamvu ya buleki imeneyi si ya pa njinga pokha. Mu 2006 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linaonetsa galimoto ya kampani ya UPS yogwiritsa ntchito njira yomweyi, ndipo Parker inaiikanso pa magalimoto otola zinyalala, omwe amaima khomo lililonse. Galimoto yolemera imene imangoima ndi kunyamuka tsiku lonse ndiyo imapindula kwenikweni. Pa njinga wamba, malo amene oyilo anapambana ndi ena: mabuleki. Kampani ya Magura ya ku Germany inatulutsa mabuleki a njinga a oyilo mu 1987, ndipo lero njinga zambiri za m'mapiri zili nawo. Chifukwa chake n'chosavuta. Buleki imafuna kukankha kokha, oyilo amangosuntha pang'ono n'kuima, ndiye palibe mtsinje woti uzilipira msonkho pa kona iliyonse.

Pa mipikisano yonse ya ophunzira aja, umene ndimausirira ndi wosachititsa kaso kuonera. Amautcha wa kusamala mphamvu. Gulu limadzaza nkhokwe, wokwera amakhala pa mzere woyambira, ndipo kuchokera pamenepo saloledwa kupalasa. Oweruza amawerengera mtunda umene njinga yayenda, kulemera kwake pamodzi ndi wokwera, ndi mpweya umene unaikidwa m'botolo, choncho kubwera ndi chibotolo chachikulu sikuthandiza. Ntchito ya chaka chonse imaonekera apa: mabelingi otsukidwa, matayala opopedwa gwa, magudumu oyang'ana kumodzi ndendende, ndi kafulawilo kolekanitsa mota ndi gudumu kuti njinga ikamayenda yokha isamakoke mota ngati katundu.

Wokwera wodziwa satsegula valavu n'kuisiya. Mota imagwira bwino ikamakoka zolimba, ndipo liwiro lalikulu limangodyetsa mphamvu kumphepo. Ndiye amatsegula kwa kamphindi, njinga imanyamuka, amatseka, n'kuisiya iziyenda yokha, fulawilo ikulira tiki-tiki-tiki. Ikatsala pang'ono kuima amatsegulanso. Amatapa m'nkhokwe ngati mayi wodziwa kuti kukolola kudakali kutali, diso lili pa geji. Singano imatsika pang'onopang'ono, 180, 150, 110, ndipo kukankha kulikonse kumakhala kofookerapo kuposa kwam'mbuyo. Ikafika pa 70 paja, pomwe thumba lalabala latambasuka kudzaza botolo lonse ndipo oyilo womaliza watuluka, singano siitsikanso mwaulemu. Imangogwa kamodzin'kamodzi mpaka pa ziro.

Njinga imapitirirabe. Wokwera amadzipinda, zigongono m'nthiti, osagwedezeka, anzake akuyenda m'mbali mwake chifukwa tsopano liwiro lake ndi la munthu wapansi. Kulira kwa fulawilo kumatalikirana, tiki, kenako tiki. Gudumu lakutsogolo limazungulira theka, n'kuima, ndipo woweruza amawerama kuika chizindikiro pamene tayala lagunda pansi.